Preload siisintha sipuling'i, musadzinamize

Pamwamba pa foloko ya njinga zambiri zokwerera mapiri pamakhala kachitsekero kopotokola kolembedwa kuti preload, mbali ina chizindikiro cha +, mbali ina cha -. Ine ndimaona kuti kachitsekeroka kapusitsa okwera njinga ambiri kuposa ogulitsa onse pamodzi. Munthu akaona kuti foloko ikufewa, amangopotokola mpaka kumapeto n'kumati wakonza. Sanakonze kanthu. Sipuling'i yomwe ili m'katimo ndi yomwe ija, ndipo ngati siikugwirizana ndi thupi lake, iyenera kuchotsedwa n'kuikapo ina.

Chifukwa chake n'chosavuta, ndipo aliyense amene anakhalako m'kalasi ya Physics anachimva kale. Robert Hooke anafotokoza mu 1678 kuti sipuling'i imafupika molingana ndi mphamvu yomwe ikuikanikiza: mukawirikiza kulemera, nayo imawirikiza kufupika. Nambala yoonetsa kulimba kwake imalembedwa mu N/mm kapena mapaundi pa inchi, ndipo paundi imodzi pa inchi ndi pafupifupi 0.175 N/mm. Nambala imeneyi imachokera ku waya womwe anapangira sipuling'iyo: kunenepa kwake, kukula kwa mapindi ake, ndi kuchuluka kwa mapindiwo. Palibe chopotokola chomwe chimafika pamenepo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Titenge foloko yomwe imalowa mamilimita 160, yokhala ndi sipuling'i ya 8 N/mm, yomwe ndi pafupifupi mapaundi 45 pa inchi. Mukaimirira pa mapedulo, foloko imalowa pang'ono chifukwa cha kulemera kwanu. Kulowa kumeneku n'komwe amati sag, ndipo pa foloko anthu ambiri amafuna kukhale pakati pa 15 ndi 20 peresenti. Tinene kuti inu mukukanikiza folokoyo ndi 256 N, kapena kuti makilogalamu pafupifupi 26. Ilowa mamilimita 32, ndiye 20 peresenti ndendende. Kuti igunde pansi penipeni pafunika 1,280 N.

Tsopano mwapotokola preload n'kufinya sipuling'iyo ndi mamilimita 10 musanakwere. Sag yatsika kufika mamilimita 22, ndipo pa rula zikuoneka ngati zasintha kwambiri. Koma mphamvu yofunika kuti foloko igunde pansi yangokwera kuchoka pa 1,280 kufika pa 1,360 N, kusiyana kwa 6 peresenti yokha. Mukadumpha chibulumwa chomwe chija, igundanso. Ndiye mwalipira chiyani? Foloko tsopano siyamba kuyenda mpaka italandira 80 N, makilogalamu 8 athunthu. Timiyala ting'onoting'ono ndi mizu ya mitengo, zomwe sipuling'i ya waya imatchuka kuti imameza bwino, zonse zayamba kufika m'manja mwanu. Mwataya ubwino womwe munagulira foloko yotere, osapeza chomwe mumafuna.

Yerekezani ndi kusintha sipuling'i yeniyeniyo, kuika ya 9 N/mm. Sag ikhala mamilimita 28, kugunda pansi kufuna 1,440 N, ndipo foloko iyambabe kuyenda ikangokhudzidwa. Ndi mankhwala osiyana kotheratu.

Opanga mafoloko amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amagulitsa masipuling'i osiyanasiyana. Marzocchi Bomber Z1 Coil ili ndi anayi, kuyambira yofewa mpaka yolimba kwambiri. RockShox imapaka masipuling'i ake mitundu: yachikasu yofewa, yofiira yapakati, yabuluu yolimba, yakuda yolimba koposa. Vorsprung ya ku Whistler, m'dziko la Canada, imagulitsa Smashpot, chida chosinthira foloko ya mpweya kukhala ya sipuling'i, ndipo masipuling'i ake amasiyana ndi mapaundi asanuasanu pa inchi. Onsewa amapereka tchati chofananiza kulemera kwa munthu ndi sipuling'i. Yambirani pamenepo, koma musachilambire. Tchati sichidziwa kuti mumakwera kuti, kaya mumaweramira kutsogolo kapena mumabisala kumbuyo kwa chishalo, kaya mumadumpha kapena matayala anu sachoka pansi.

Funso lovuta limabwera pamene kulemera kwanu kwagwera pakati pa masipuling'i awiri. Ambiri amasankha yofewa, poganiza kuti kufewa ndiye kukoma. Pa msewu wathyathyathya n'zoona. Koma ine ndikuti amene amatsika malo otsetsereka, monga njira za m'phiri la Zomba, atenge yolimbirapo. Potsika, kulemera kwa thupi kumasamukira kutsogolo, ndipo mukagwira buleki kumasamuka koposa. Foloko yofewa imamira mpaka theka musanakumane n'komwe ndi mwala. Ikamira, handulo imatsika, njinga imaweramira kutsogolo, ndipo gudumu limafuna kukhota msanga. Kenaka mwala uja ukafika, malo otsala oti foloko ilowe ndi ochepa, ndipo mbali yotsalayo ndi yomwe sipuling'i yauma kale. N'chifukwa chake foloko yofewa mopitirira imapweteka manja ngati yolimba, mwiniwake n'kumafewetsabe. Mapeto ake munthu amauluka pamwamba pa handulo, ndipo fupa la phewa silitsika mtengo ngati sipuling'i.

Pali china choonjezera. Mpweya ukamafinyidwa umalimba mofulumira chakumapeto, motero foloko ya mpweya imadziteteza yokha kuti isagunde pansi. Sipuling'i ya waya ilibe khalidwe limeneli, imalimba mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ena amaikamo chothandizira: Smashpot ili ndi mafuta ogwira foloko chakumapeto, pamene ACS3 ya kampani ya Push ili ndi kachipinda ka mpweya kogwira ntchito yomweyo. Ngati foloko yanu ili nacho chotere, ndikuvomera kuti mutha kutenga sipuling'i yofewerapo osaopa. Ngati mulibe, chitetezo chanu chonse ndi nambala ija.

Wina anena kuti izi n'za anthu a ndalama. Njinga zambiri zakale zomwe zimafika kuno zimabwera ndi SR Suntour XCT kapena XCM, ndipo sipuling'i ya m'katimo inasankhidwira munthu wolemera pakatikati. Mtsikana kapena mnyamata wa makilogalamu 50 akakwera, folokoyo imangokhala ngati chitsulo cholemetsa njinga. Vuto lake ndi losiyana ndi lija, koma gwero ndi limodzi. SR Suntour imapanga masipuling'i ofewa ndi olimba a mafoloko amenewa, ngakhale kuwapeza kumafuna kuitanitsa kunja n'kudikira. Kudikirako n'kwabwino kusiyana ndi nzeru yomwe imabwera msanga m'mutu, yodula sipuling'i ndi sowo kuti ifewe. Kudula kumailimbitsa. Mapindi akachepa, lililonse limasenza gawo lalikulu la ntchito, moti mukachotsa limodzi pa khumi alionse ogwira ntchito, sipuling'i imalimba ndi 11 peresenti, n'kuyambanso kugogoda m'kati chifukwa yafupika. Kutola sipuling'i ina iliyonse yolowa m'chubu nakonso n'kuchita juga: waya wonenepa ndi 10 peresenti yokha amalimbitsa sipuling'i ndi pafupifupi 46 peresenti, kusiyana komwe diso silingaone.

Musanaitanitse kanthu, yezani bwino. Foloko yauve, yopanda mafuta, imakakamira ndipo imapereka sag yabodza, choncho iyambe yatsukidwa n'kudzozedwa. Masulani preload yonse. Mangani kachingwe kapena kamphira pa mwendo wa foloko, valani zomwe mumavala pokwera, chikwama ndi madzi omwe, mnzanu agwire handulo, inu muimirire pa mapedulo monga mumachitira potsika. Nyutulani kawiri katatu, khazikikani, mnzanuyo atsitse kamphirako mpaka pansi, inu mutsike mosagwedeza, muyeze. Chitani katatu. Kenaka kakwereni njira yanu ya masiku onse kamphirako kali pomwepo. Ngati kakufika pamwamba penipeni paulendo uliwonse, sipuling'i ndi yofewa. Ngati sikapitirira theka ngakhale mutadumpha, ndi yolimba. Preload muigwiritse ntchito pochotsa kugwedera kwa sipuling'i ndi kukonza mamilimita awiri kapena atatu basi. Ndipo mukaika sipuling'i yolimbirapo, muchedwetse rebound pang'ono ngati foloko yanu ili nayo, chifukwa tsopano izibwerera ndi mphamvu yoposa kale.