Kanipo ka mabuleki kasoweka mu tauni, ise tili m'basi

Mukakhala pa mpando wa kutsogolo mu minibasi, ikani foni m'thumba pang'ono muyang'ane phazi la a dilaiva pamene basi ifika pa maloboti kapena pa hampu. Akaponda buleki kamodzi basi n'kuima, zili bwino. Koma mukaona phazi lipopa kawili katatu monga munthu wotunga madzi pa mpope, nthawi zambili ndiye kuti m'mapaipi a mabuleki mwalowa mpweya. Mafuta a mabuleki sapanikizika, n'cifukwa cake mphamvu ya phazi imafika ku mawilo. Mpweya umafinyika monga siponji. Phazi lipita pansi, basi ikali kuyenda.

Kucotsa mpweya umenewo si nchito yaikulu. Amakanika amati kubulida. Pa wilo iliyonse, pa kalipa kapena pa wheel cylinder, pali kabauti kafupi kobooka mkati, kamene ku magalaji amati nipo. Wina apopa pedo n'kuigwila pansi, mnzake amasula kanipo pang'ono, mpweya utuluka pamodzi ndi mafuta, amanganso. Kwatha.

Vuto ni lakuti pa motoka yakale kanipo kamagwila nguwe. Kamabwela ndi kacisote ka labala pamwamba, ndipo kacisote kakatayika madzi amalowa m'kabowo kaja. Manje ganizilani ma Hiace amene amasambila m'madzi a ku Kanyama mainza onse. Tsiku lobulida likafika, kanipo sikasuntha. Mnyamata wa pa galaji asiya ring spanner ya 8 kapena 10, atenga pulayazi, mutu ubulungika, akakamiza, thyo! Theka lili m'manja, theka latsala mu kalipa.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Ine nayendapo mu tauni ndi kanipo kothyoka m'thumba, ka Corolla yakale ya a malume, kucokela m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Shopu iyi ati tilibe, shopu iyo ati yesani kutsogolo, ina ati gulani kalipa yonse, ba boss. Mashopu omwewo adzaza ndi ma sipika, ma sitika, nyale zowala-wala za pansi pa motoka ndi zovalika mipando. Zokongoletsa zilipo maningi. Kacitsulo kocepa kuposa cala, kamene kathandiza basi kuima, kulibe.

Ndimvetsa cifukwa cake. Phindu pa kanipo ni locepa, ndipo mitundu yake ni yambili. Pali M7, pali M8, pali M10, ndipo olo kukula kufanane, utali ndi nsonga zimasiyana. Nsonga yosongoka ija ndiye imatseka mafuta mkati, ma thread nchito yake ni kuikanikiza cabe. Motoka zakale za ku Britain monga Land Rover zija za kumafamu zinali ndi thread ya mainchi, 3/8, imene ni mamilimita 9.5. Ikani iyo m'bowo la M10: ilowa, izungulila, ioneka monga yagwila. Koma yagwila ndi nsonga cabe za ma thread, ndipo pa buleki yamphamvu ingathe kuvuka. So wogulitsa akakuuzani kuti "ni yofananako", bwezani. Pa mabuleki palibe zofananako.

Kanipo kakasoweka, basi siipakidwa. Mwini basi afuna cashing yake madzulo, a dilaiva ndi a kondakita afuna ya unga. Ndiye nzelu za pansi pa mtengo ziyamba. Ena amangapo bauti wamba ndi thread tape ya ma plumber. Ena asiya theka lothyoka momwemo, n'kumabulida pomasula paipi, mpweya wina n'kutsala pamwamba m'kalipa. Oipitsitsa ni aja amene amatseka paipi ya wilo imodzi, basi n'kumayenda ndi mabuleki atatu. Pa liwilo la mu Lumumba Road nthawi ya jam simungadziwe. Mudzadziwa tsiku limene mwana adzathamangila mu msewu, a dilaiva n'kuponda mwamphamvu, basi n'kukhotela mbali imodzi.

Palinso cina. Basi imene siibulidwa, mafuta ake sasinthidwa, amangothilapo pamwamba. Mafuta a mabuleki amamwa cinyontho. A DOT 3 atsopano afunika kupilila kutentha kwa madigili 205 asanawile, koma akamwa madzi malile ake atsika kufika pa 140. Akawila, m'paipi mukhala nthunzi, pedo ipita pansi. Mu Lusaka malo ni osalala, mwina mungapulumuke. Koma basi yomweyi ya Matero kapena Mtendere ndiye imahayidwa pa Cisulo kupeleka a kwaya ku Siavonga kapena anthu a pa malilo ku Chipata, ndipo kumapili a ku Chirundu ndi ku Manenekela mabuleki amapsa zoona.

Wina adzati a RTSA alipo, basi ili ndi fitness pa galasi. Inde, koma pepala lija linena za tsiku limene basi inapimidwa. Kanipo kangathyoke mawa lake. Wina adzati basi ikagona tsiku limodzi ana adzadya ciani? Funso labwino, ndipo liyenela kupita kwa eni mabasi. Nchito ya mabuleki isamacotsedwe pa ndalama ya a dilaiva, ndipo tsiku limene basi ili pa jeke cifukwa ca mabuleki, cashing isamawelengedwe. Dilaiva amene adziwa kuti adzalipila yekha ndiye amavomela bauti wamba.

Kwa inu a motoka zakale, njila ilipo ngakhale ni yotopetsa. Masulani kanipo kamoyo ka wilo ya mbali ina, muyende nako kuti muyelekezele thread, utali ndi nsonga. Ogulitsa masipeya a salaula amakhala ndi makalipa akufa amene manipo ake akali bwino, apempheni akumasulileni. Theka lotsala mkati pelekani kwa a engineering amene ali ndi makina, osati kubowola ndi dililo ya pamanja, cifukwa mukakanda pokhala nsonga paja kalipa idzadontha mpaka kalekale. Ndipo musanakhudze kanipo kakale, thilani mafuta omasula nguwe dzulo lake.

A mashopu, mwandi, motoka zambili pa misewu yathu zinafika kale zili zakale kucokela ku Japan, kudzela ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo zikukalambila kuno. Mitundu yake muidziwa bwino kupambana ine. Kabokosi kamodzi ka manipo a Hiace, Rosa ndi Corolla, pamodzi ndi tuzisote twake twa labala, kangakwane pa shelufu pamene paikidwa ma air freshener.