Bambo, Khalani Gadiyani wa Akazi Anu

Pa 14 June 1993 makolo athu adavotera nyali kuti Amalawi tizilankhula poyera. Nanga bwanji za khansa ya khomo la chiberekero tikunong'onabe?

Kwathu kwa Dzoole, mayi akatumizidwa ku Kamuzu Central kukachotsedwa chiberekero, kawirikawiri gadiyani amakhala mchemwali wake. Bambo amatsala ku fodya, ena nkuyamba kusuzumira mbeta poti uyu saberekanso. Zamanyazi!

Ine ndikuti mwamuna apite. Akamve yekha mawu a dokotala, akaphike phala, akachape zitenje. Pobwerera kumudzi, kwa masabata 6 mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi zikhale zake kufikira bala litapola.

Abambo, mudakwatira munthu, osati chiberekero.