Bwezani mfuti za Sergio Leone

Mu 2003 eni filimu ya The Good, the Bad and the Ugly anaona kuti filimu ya mu 1966 ija yakalamba, ikufunika kukonza. Anabwezeramo zigawo zomwe zinadulidwa, filimu n'kutalika kufika pafupifupi maola 3. Kenako anatembenukira ku phokoso. Mawu a mono, otulukira pa sipika imodzi, anawamwaza m'masipika 6, ndipo kulira kwa mfuti komwe Sergio Leone, wotsogolera filimuyi, anasankha anakuchotsa n'kuikamo kulira kwa mfuti zina. Akuti kumeneko ndiye kukonza.

Mu filimu ya Leone mfuti ndi chida choimbira. Ennio Morricone anapeka nyimbo zina filimu isanathe kujambulidwa, ndipo Leone ankakonda kuziliza pamalo ojambulira kuti osewera aziyenda ndi kugunda kwake. Nyimbo yotchuka ya filimuyi imatsanzira kulira kwa coyote, nkhandwe ya ku America: mwa osewera, chitoliro chimaimira Clint Eastwood, ocarina imaimira Lee Van Cleef, mawu a anthu amaimira Eli Wallach. Chipolopolo chouma, cholira ngati mluzu, chimalukana ndi likhweru la Alessandro Alessandroni. Wochotsa chipolopolocho wachotsa woimba m'bandi.

Oikira kumbuyo ntchitoyi amati anthu anagula masipika odula, ndiye akufuna kuti onse alire. Zoona? Munthu akagula masipika 6, basi Morricone alakwe? Amatinso mfuti zakale sizinkalira ngati zenizeni. Nanga zenizeni mu filimuyi n'ziti? Nkhani ya nkhondo ya ku America anaijambulira ku Spain ndi ku Italy, osewera ankalankhula aliyense chilankhulo chake, mawu n'kuikidwa pambuyo mu situdiyo. Amene akufuna kumva mfuti yeniyeni apite kumene asilikali amaphunzirira kuwombera. Asiye filimu ya eni ake.

Manyazi ena ali m'zigawo zobwezeredwazo. Eastwood anaitanidwa kudzaikamo mawu atapitirira zaka 70, Wallach atapitirira zaka 80. Pakanema pakuoneka Wallach wa mphamvu zake, koma akulankhula ndi gogo. Van Cleef anamwalira mu 1989, choncho munthu wina anamulankhulira. Leone nayenso anamwalira chaka chomwecho. Wakufa sakana, n'chifukwa chake akatswiriwa analimba mtima.

Kukonza kwaulemu kulipo, ndipo kunachitika nthawi yomweyo. Chimbale cha nyimbo za filimuyi, chomwe poyamba chinali ndi nyimbo 11, chinatulukanso mu 2004 chili ndi nyimbo 21. Anachotsa fumbi pa tepi, mawu a Edda Dell'Orso mu nyimbo ya The Ecstasy of Gold n'kumveka bwino, koma palibe anamuchotsa n'kulemba ganyu woimba wina. Ngati zinatheka pa chimbale, zinakanika bwanji pa filimu? Mfuti nayonso inali woimba!

Okonda filimuyi anadandaula kwa zaka zoposa 10. Mu 2017 kampani ina inaitulutsanso ili ndi mawu a mono akale, umboni woti panalibe chokakamiza kuwataya. Kampani iliyonse yotulutsanso filimu yakale iziika mawu oyambirira patsogolo, ndipo osinthidwawo iziwalemba poyera pachikuto kuti ndi osinthidwa, wogula adziwe asanatulutse ndalama.