Madesiki a Mphatso Salipira Mphunzitsi

Acinyamata anzanga a ku Pamodzi, mwauonapo mwambo uja kampani ikabweretsa madesiki pasukulu. Ana avina padzuwa, akuluakulu adula riboni, wojambula ali pambali. Tsono ena ayamba kunena kuti masukulu tingowasiyira eni ndalama, pakuti iwo ndiwo adziwa kuyendetsa zinthu. Ine ndikana!

Funsani makolo anu za ZCCM. Kampani ya boma imeneyo inali ndi zipatala, masukulu ndi makalabu a masewera m'makomboni a migodi monga Wusakile ku Kitwe. Migodi itagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000, ogulawo anadzera mkuwa, sanadzere ana athu. Mgodi wa Luanshya unapita kwa a Binani mu 1997, ndipo pofika 2000 unali utagwa, tauni yonse ili manja m'khosi. Anglo American inatenga Konkola mu 2000, koma mu 2002 inalengeza kuti ikucoka, mtengo wa mkuwa utatsika. Kodi mwana wa Giredi 7 angaleke kuwerenga kudikira kuti mtengo ukwere ku London?

Mvetserani izi. Pangano limene Mopani inalandira potenga Nkana ndi Mufulira mu 2000 linaika msonkho wa pa mkuwa wokumbidwa pa 0.6 peresenti. Ndiko kuti pa makwaca 100 alionse, dziko linkatola mangwee 60 cabe. Mu 2020 khoti la Supreme linalamula Mopani kulipira K240 miliyoni, cifukwa inagulitsa mkuwa motsika mtengo kwa Glencore, mwini wake panthawiyo, msonkho nucepa. Ndalama zimenezo ndi madesiki angati? Werengani nokha, masamu munaphunzira.

Sindinena kuti mphatso tiziponya kudzala, ai. Desiki ndi desiki, mwana akhalepo. Koma pamene boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022 ndi kulemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, malipiro awo sanacokere kwa odula riboni. Acokera m'thumba la boma mwezi ndi mwezi, ndipo thumbalo lidzala ndi msonkho. M'makalasi ana athithikana, aphunzitsi afunikabe ambiri.

Bungwe la Zambia EITI limasindikiza malipoti oonetsa zimene kampani za migodi zapereka ku boma. Pamsonkhano wanu wa acinyamata Loweruka lino, wina abweretse lipoti limodzi, mufufuze dzina la kampani ija inalembedwa pa madesiki anu.