Tisanakwere phiri chilimwe chino, tifunse kaye kuti osaka ali mbali iti

Loweruka lina mu Seputembala chaka chatha tidali anthu 14 pa limodzi mwa mapiri ozungulira mzinda wa Blantyre. Gulu lathu lidakumana pa WhatsApp, monga momwe magulu ambiri okwera mapiri akuyambira masiku ano: wina waponya positala, mwasonkha ya minibasi ndi ya madzi, Loweruka mwanyamuka. Tidachedwa chifukwa chodikirana, moti 12 koloko idatipeza tikadali pakati pa phiri, udzu wouma ukutifika m'chiuno, sipika ikulira mokweza.

Woyamba kutipeza adali galu. Kenako adatulukira ena atatu, owonda, malilime ali panja, ndipo pambuyo pawo padali anyamata awiri ndi bambo wina wachikulire atanyamula zibonga ndi khasu. Bamboyo sadatipatse n'komwe moni.

"Ana inu, tazimitsani wailesiyo. Simukumva?"

Titazimitsa m'pamene tidamva kuthetheka kwa moto kumunsi kwathu, mbali yomwe tidachokera. Mnzathu wina adakuwa kuti tithamangire pamwamba. Bamboyo adapukusa mutu natilozera cham'mbali, komwe kudali thanthwe lalikulu lopanda udzu. Tidakhala pathanthwepo pafupifupi ola lathunthu tikutsokomola, mpaka moto udadutsa. Palibe adapsa, kungoti mtsikana mmodzi adabinya phazi pothamanga. Zithunzi zomwe tidaika pa Instagram madzulo ake sizidaonetse chilichonse cha zimenezi, ndipo sindidawafunse bambo aja kuti motowo adayatsa ndani, ngakhale ndili ndi maganizo anga.

Ndakumbutsa nkhaniyi chifukwa nyengo ija yafikanso, ndipo mapositala a maulendo a kuphiri achuluka kuposa kale. Ndi chinthu chabwino, inetu sindikutsutsa. Achinyamata tayamba kuona dziko lathu ndi mapazi athu, osangodikira alendo ochokera kunja kuti atiuze kuti Zomba ndi wokongola. Koma miyezi yomwe timakonda kukwera mapiri, poti kulibe mvula ndi matope, ndi yomweyonso imene eni ake a mapiriwo amakhala ali kuuzimba. Tikuyenda m'tchire limodzi, tsiku limodzi, wina osadziwa za mnzake.

Mukafufuza pafoni za momwe mungadzitetezere pokwera phiri m'nyengo yosaka, zomwe zimabwera ndi za ku America ndi ku Ulaya. Kumeneko nyengo yosaka ili pakalendala. Boma limalengeza tsiku lotsegulira ndi lotsekera, alenje amagula ziphaso, ndipo chida chawo ndi mfuti. N'chifukwa chake langizo lawo lalikulu ndi loti muvale chovala chowala cha mtundu wa lalanje: maso a munthu amachiona patali, pomwe agwape a kumeneko sauona bwino mtundu umenewu, ndiye mlenje sataya kanthu povala, ndipo woyenda sayesedwa nyama. Si nkhani yocheza ayi. Mu Febuluwale 2022, m'dera la Cantal ku France, mtsikana wa zaka 25 yemwe ankangoyenda m'njira ya m'nkhalango adafa ndi chipolopolo cha mlenje wa zaka 17 amene adali pagulu losaka nguluwe.

Langizolo ndi labwino, ndipo chovala chowala chimathandiza ngakhale kuno, makamaka anthu akamakufunafunani mutasochera. Koma kuno silikukwana. Nyengo yathu yosaka palibe amene amailengeza. Imayamba yokha anthu akakolola, udzu ukauma, cha mu Julayi, n'kukafika pachimake mu Seputembala ndi Okutobala, mpaka mvula yoyamba itagwa. Mfuti za gogodera zilipo ndithu m'madera ena, koma zida zenizeni za osaka a kwathu kuno ndi moto, agalu ndi waya. Moto suona kuti mwavala mtundu wanji.

Ndikhalitse pa moto, chifukwa ndi umene ungaphe gulu lonse nthawi imodzi. Osaka amatentha tchire kuti akalulu, agwape ndi ntchenzi zitulukire poyera pomwe agalu akudikira, komanso kuti mauna a mbewa aonekere. Amayatsa akudziwa kolowera mphepo ndi koima iwowo. Sakudziwa kuti pamwamba pawo pali ana asukulu ya ukachenjede akujambulana.

Chinthu chomwe ambirife sitidziwa n'chakuti moto umathamanga kwambiri pokwera kusiyana ndi potsika. Malawi amawerama kuyandikira udzu wa kumtunda, n'kumauumitsa ndi kuutenthetsa usadafikidwe, moti ukamafikidwa umangolilima ngati wathiridwa palafini. Akatswiri ozimitsa moto wa m'tchire ku Australia amaphunzitsa kuti malo akapendekeka ndi madigiri 10, liwiro la moto limawirikiza kawiri. Akapendekeka ndi madigiri 20, kanayi. Munthu ndiye mosemphana: pokwera m'pomwe amachedwa. Choncho maganizo oyamba omwe amabwera m'mutu, oti thawirani pamwamba, ndi omwe angakuphetseni. Mu Ogasiti 1949, m'chigwa cha Mann Gulch ku Montana m'dziko la America, amuna 13 ozimitsa moto, ambiri a iwo achinyamata amphamvu zawo, adafa akuthawira kumtunda. Mtsogoleri wawo, Wagner Dodge, adapulumuka chifukwa adatentha udzu pomwe adaima n'kugona paphulusa, moto waukulu n'kumulambalala.

Sindikunena kuti muziyatsa moto wanu. Dodge adali katswiri, ife si akatswiri. Phunziro lake ndi lomwe bambo aja adationetsa popanda kutchula madigiri: funani malo omwe moto ulibe chakudya. Thanthwe, palupsa pomwe papsa kale, msewu wotakasuka, mtsinje wa miyala. Pitani cham'mbali kapena chotsika molambalala, osati kutsogolo kwa moto. Pewani makwawa opapatiza okwera phiri, chifukwa amakoka moto ndi utsi ngati chumuni. Utsi ukachuluka khalani pansi, mutseke pakamwa ndi mphuno ndi nsalu. Ndipo kapezeni malo otere mukangoona utsi kapena kumva fungo, osadikira kuti muone malawi.

Zovala nazo zili ndi mbali yake. Ambirife timakwera phiri titavala majezi a mpira ndi mataiti a nayiloni chifukwa ndi opepuka komanso amatuluka bwino pachithunzi. Nsalu zimenezi zikakumana ndi moto zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Ya thonje imapsa, inde, koma sisungunuka. M'miyezi inoyi ndi bwino sikipa ya thonje yowala ndi buluku lalitali.

Nanga nthawi? Moto wa m'tchire umalusa masana ndi chakumadzulo, dzuwa litaumitsa mame, mphepo itadzuka. Gulu lomwe layamba kukwera 6 koloko m'mawa limakhala likutsika pomwe ngozi ikuyamba. Gulu lomwe lagwirizana 6 koloko koma n'kunyamuka 10 koloko, monga tidachitira ife, limakafika paudzu wautali pa nthawi yoipitsitsa. Kuchedwa kwathu kuja timakuseka paukwati, koma paphiri ayi. Mbandakucha weniweni ndi chisisira nazonso si nthawi zoyenda m'tchire lowirira, poti m'pamene osaka ndi mfuti amakhala ali maso ndipo chilichonse chogwedeza masamba chimaoneka ngati nyama.

Misampha ndiye ilibe phokoso. Khwekhwe wa waya, nthawi zambiri wochokera ku mabuleki a njinga, amatcheredwa m'tinjira ta nyama, makamaka topita kumadzi. Tinjira timeneti ndi tomwe timatikopa ife tikafuna chidule kapena malo abwino ojambulira. Waya wotcherera gwape akhoza kung'amba kakolo wa munthu, ndipo m'madera ena mukadali mbuna zofotseredwa ndi masamba. Mankhwala ake ndi osavuta: yendani m'njira yeniyeni, valani nsapato zotseka, ndipo wofuna kukadzithandiza asalowe patali. Phazi likakodwa osakoka, waya amamangika kwambiri mukamalimbana naye; bwererani pang'ono kuti akhwepe, mnzanu amasule.

Agalu osaka akakupezani, imani pamodzi, osathamanga, osawagenda, ndipo lankhulani mokweza kuti eni ake adziwe kuti kuli anthu. Wina akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa za katemera wa chiwewe. Matendawa akangoyamba kuonetsa zizindikiro sachizika. Kasopo kakang'ono m'chikwama sikalemera.

Tsopano pali nkhani yomwe ndikudziwa kuti anzanga ena sagwirizana nane. Mukakumana ndi osaka, chonde foni ikhale m'thumba. Ndikudziwa mtima wake, nanenso ndine mtolankhani, dzanja limayabwa. Koma taganizani mbali yawo. Kusaka ndi kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chisinthireni lamulo loteteza nyama zakutchire mu 2017, chilango cha milandu ikuluikulu chimafika zaka 30 m'ndende. Munthu amene wanyamula nyama ndi chikwanje akaona kamera, akuona ndende. Inu muli pakati pa tchire, netiweki ikubwera n'kumapita. Apatseni moni mwaulemu, "Muli bwanji bambo, tikudutsa nawo," afunseni ngati kutsogolo kuli bwino, mupitirize ulendo. Zokanena kwa a zankhalango mukanene mutatsika, ndipo mukanenedi.

Sindikuikira kumbuyo otentha tchire. Pa phiri la Mulanje moto ndi umodzi mwa adani a mkungudza, mtengo wa fuko lathu womwe mwachilengedwe umapezeka paphiri lokhalo, chifukwa umapsereza mbande zisadakule. Mapiri omwe akupsa chaka ndi chaka ndi omwewo amene amagumuka mvula ikachuluka. Komabe tisadzione ngati oyera. Mbewa zomwe timaimitsira galimoto pamsewu wa M1, tikumasankha kuti tikufuna akapuku, zambiri zidapezeka palupsa. Ndipo si moto wonse wa paphiri umene umayatsidwa ndi alenje. Wina umachokera pa kanyenya wathu yemwe tamusiya akufuka, kapena ndudu yomwe mnzathu waponya paudzu.

Zonsezi zikundifikitsa pa munthu mmodzi yemwe magulu ambiri amamuona ngati wongodya ndalama: gaidi wa m'deralo. Mapu a pafoni amakuonetsani njira, koma sangakuuzeni kuti dzulo anyamata a mudzi wakuti amapangana zotentha khwawa lakuti. Gaidi amadziwa, chifukwa amamwa nawo tiyi pagolosale imodzi. Ku Mulanje dongosolo lilipo kale: pa Likhubula mumalembetsa ku ofesi ya zankhalango ndipo magaidi ndi onyamula katundu amapezeka pomwepo. Phirili, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu Julayi 2025, lidationetsa kale zomwe zimachitika munthu akadzidalira. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, adasiya gaidi wake n'kupitirira yekha kulowera ku Sapitwa. Thupi lake lidapezeka patadutsa masabata oposa awiri. Iyeyu adamupha si moto koma kuzizira, komabe chiyambi cha tsokalo ndi chomwecho. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Vuto lili pa mapiri ang'onoang'ono, omwe timawaderera chifukwa timawaona tili pakhonde. Kumeneko n'komwe timapita popanda gaidi, popanda kuuza wina aliyense, madzi botolo limodzi anthu atatu. Ngakhale palibe ofesi, patsinde pa phiri lililonse pali mudzi. Kupatsa moni anyakwawa kapena amayi omwe akutola nkhuni n'kufunsa kuti "kodi kumtundaku kwatenthedwa kale, nanga lero kuli osaka?" sikutenga mphindi zisanu. Ndipo ngati mwafika n'kupeza utsi ukufuka mbali yomwe mumati mukwere, bwererani. Ndalama ya minibasi yapita, inde, zimawawa, koma phiri silisamuka.

Kwa ma admin a magulu, amene ena mwa inu mwayamba kulipiritsa ndithu ngati bizinesi: mukatolera ndalama za anthu mwasenzanso miyoyo yawo. Positala isamangonena za mtengo, malo okumanirana ndi mtundu wa sikipa. Inene dzina la njira, nthawi yotsika, ndi kuti wotsogolera ndi wa m'deralo kapena ayi. Pakhale munthu wotsala kunyumba amene akudziwa kuti mukapanda kuimba pofika nthawi yakuti ayambe kufunsa. Werengani anthu ponyamuka, popuma ndi potsika. Sipika izilira pofika pamwamba, osati m'njira, ndipo zomvera za m'makutu zikhale m'chikwama. Kulankhula ndi kuseka kwanu n'kokwanira kudziwitsa mlenje kuti kukubwera anthu. Nawo a dipatimenti ya zankhalango ndi makhonsolo angatithandize ndi chinthu chotchipa: chikwangwani patsinde pa mapiri omwe anthu akukwera kwambiri, chochenjeza za moto m'miyezi ino komanso chokhala ndi nambala ya foni yomwe ikaimbidwa wina amayankha.

Gulu lathu lija lakonza ulendo wina mwezi wamawa. Ndafunsa pagulupo kuti gaidi ndi ndani, ndipo ochedwa tidzawadikira mpaka nthawi yanji. Pofika lero andiyankha za mtengo wa sikipa zokha, ndiye yanga ndalama ndayamba ndaigwira kaye.