Kamera ya m'sitolo yanu: ndani wina amene akuonamo?

Sabata yatha ndili pa basi yocokera ku Kulima Tower, amai ena anali kuonetsa mnzao foni. "Ona, nili mu basi koma nikuona shopu yanga yonse!" Zoona, mashelefu na kamnyamata kogulitsa, zonse poyera. Ndinawafunsa ngati anasintha password ya kamerayo. Anati, "Aja anaimanga ndiye aziba." Apa ndiye pagona nkhani.

Pa intaneti pali makompyuta amene nchito yao ndi kugogoda pa zitseko usana ndi usiku. Sadziwa dzina lanu, safunanso kulidziwa. Amangoyenda adilesi ndi adilesi. Maadilesi a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, koma mu 2013 akatswili a pa University of Michigan anatulutsa pulogalamu ya ZMap imene ingagogode ponsepo m'mphindi zosakwana 45. Conco kunena kuti "ndani angandipeze ine wa mu komboni" ndi kudzinamiza cabe.

Citseko cikayankha, wogogoda amamvetsera mau ake. Makina ambili amadziulula okha: ndine kamera ya mtundu wakuti, ndine router ya kampani yakuti, pulogalamu yanga ndi ya caka cakuti. Kucita izi akuti fingerprinting. Webusaiti ya Shodan, imene inayamba mu 2009, imasonkhanitsa mayankho otere kuti aliyense afufuzemo. Ena ogogoda ndi ofufuza abwino, ena ndi kawalala, ndipo citseko canu sicingawasiyanitse.

Tidziwa bwanji zonsezi? Akatswili amachera diwa, monga kumudzi pofuna mbewa. Amaika pa intaneti kompyuta yonamizila kukhala kamera kapena seva yosatetezedwa, imene amaicha honeypot. Ilibe makasitomala, palibe amene anauzidwa adilesi yake, ndiye aliyense wofikapo ndi wosakasaka. Diwalo limalemba kumene wacokera, khomo limene wayesa, monga 22 kapena 23, ndi mapassword amene waponya. Amene sasowa ndi omwe aja: admin, 1234, root.

Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalowa m'makamera ndi marouter ambilimbili poyesa mapassword a ku fakitale opitilira pang'ono 60. Pa 21 October caka comweco, makina ogwidwawo anagwilitsidwa nchito kuukila kampani ya Dyn ku America, ndipo anthu ambili analephela kutsegula Twitter na Netflix. Eni makamera sanadziwe kanthu.

Ine ndikuti mlandu uwu tisaukankhile kwa wogula yekha. Ku Britain, kuyambila April 2024, lamulo liletsa kugulitsa zida zotere ndi password imodzimodzi yosavuta kulota. Ba ZICTA, amene amavomeleza zida zolumikizilana zolowa m'dziko muno, aganizilepo zocita cimodzimodzi. Naimwe ba technician, musacoke pa shopu ya munthu mutasiya admin admin, ndalama mwalandila kale.

Manje podikila malamulo, mukatsika basi lelo, sinthani password ya kamera na router, ikhale yaitali, osati caka cobadwa. Ngati simufuna kuona kamera muli kutali, uzani wokumangilani atseke njila yolowela kunja. Mumatseka shopu na maloko atatu madzulo alionse. Tsekaninso na ili.