Bokosi la maloko atatu

Pamene chaka chikali chanthete, ndipo makalendala atsopano angopachikidwa kumene pamakoma, ambiri a ife amene tinalawako sukulu pang'ono timakonda kukhala pansi ndi kabuku koyera n'kulemba zimene tidzachite chaka chisanathe: kuti tidzamanga nyumba, tidzaphwetsa mimba, tidzaleka mowa, tidzaphunzira kuyendetsa galimoto, ndiponso tidzayamba kuweta nkhuku, koma pofika nyengo imene chimanga chimamasula, kabuku kaja kamakhala katasanduka polembapo ngongole za pa okala, ndipo mwini wake akafunsidwa amangoyankha kuti zinthu zavuta. Zinthu n'zovutadi. Komabe alipo anthu amene zimawavuta koposa ife, ndiwo amayi a m'magulu a banki m'khonde, amene chaka ndi chaka amafikitsa chimene analinga, ndipo n'koyenera kuti tidzichepetse, tikakhale kumapeto kwa mphasa yawo, tione mmene amachitira.

Njira imeneyi inayambira m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, pamene bungwe la CARE linasonkhanitsa amayi a kudera la Maradi, n'kuwongola mwambo wakale wosonkherana ndalama, wofanana ndi umene kuno timautcha chiperegani. Malamulo ake ndi ochepa. Anthu odziwana, kawirikawiri oyambira 15 kufikira 25, amakomana tsiku limodzi lokhazikika pa sabata. Amagwirizana okha mtengo wa sheya imodzi. Amabwerekana ndalama zimene asonkha, wobwereka n'kubweza ndi chiwongoladzanja. Ndipo ikatha miyezi 9 kapena 12 amagawana zonse, aliyense monga mwa masheya ake.

Amene sanaonepo msonkhano wotere akaone. Bokosi lachitsulo limaikidwa pakati, pamaso pa onse, lili ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, pamene bokosilo limagona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi ngakhale imodzi. Lisanatsegulidwe, wapampando amafunsa gulu kuti linatsekedwa muli ndalama zingati, ndipo amayi, ngakhale amene sadziwa kulemba dzina lawo, amatchula chiwerengerocho pamtima. Kenaka mlembi amaitana maina. Mayi amadzuka, namasula mfundo ya pansonga ya chitenje, napereka ndalama zake zopindikapindika kwa owerenga awiri, amene amaziwongola pabondo n'kuziwerenga mokweza. Ndipo chidindo chimagwa m'kabuku kake, kamodzi pa sheya iliyonse.

Chimene chimandigwira mtima m'malamulo amenewa n'chakuti munthu saloledwa kugula masheya opitirira asanu pa msonkhano umodzi, ndipo imodzi yokha imakwanira kuti awerengedwe kuti wasunga pangano. Amene anaika malire a pansiwo anadziwa kuti kuli masabata a njala, pamene mandasi sanayende malonda ndipo mwana wagona ndi malungo, ndi kuti munthu wofooka akapatsidwa muyeso umene angathe kuufikira ngakhale pa tsiku loipa, sadzathawa gulu chifukwa cha manyazi. Malire a pamwambawo anaikidwa kuti wolemera asameze anzake, koma amachitanso ntchito ina mwakachetechete, ndiyo kuletsa changu chopsereza cha masiku oyamba. Ife a timabuku toyera timachita zosiyana: tsiku loyamba timathamanga mtunda woti ukanatikwanira sabata yathunthu, tsiku lachiwiri miyendo yauma, lachitatu mvula yagwa, ndipo nsapato zimabwerera kunsi kwa bedi. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo sananene kuti analumpha kamodzi.

Anthu ophunzira anayeza nkhaniyi. M'chaka cha 2009 mayi Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anaulutsa zimene anapeza atatsatira anthu 96, amene aliyense anasankha kanthu kamodzi kochita tsiku ndi tsiku pa nthawi yofanana, monga kumwa madzi pa chakudya chamasana kapena kuyenda pang'ono atadya kadzutsa. Kuti kanthuko kazichitika kokha, mtima wosakakamizidwa, ena zinawatengera masiku 18, ena zinaoneka kuti zikanawatengera masiku 254, ndipo pakatikati pake panali masiku 66. Kuphonya tsiku limodzi sikunagwetse chimene chinamangidwa kale. Mawu amene alaliki ena a zachitukuko amakonda kubwereza, akuti masiku 21 akwanira, anachokera kwa dokotala wa ku America wokonza nkhope za anthu, Maxwell Maltz, amene m'buku lake la 1960 anali kunena za nthawi imene odwala ake ankatenga kuti azolowere maonekedwe awo atsopano. Wosiya pa sabata yachinayi podziyesa wolephera, kawirikawiri amakhala atasiya mbewu isanamere.

Za maloko atatuwo sindichulutsa mawu. Amayiwa sadalira mphamvu ya mtima wawo, pakuti adziwa kuti ndalama yogona m'nyumba imamva fungo la kanyenya, imamva kulira kwa mlendo, ndipo nthawi zina imatuluka usiku m'thumba la bambo. Choncho amaiika pamene iwo eni sangaifikire okha. Ndiponso mukawafunsa chimene akusungira, satchula zinthu khumi. Wina amati malata, wina mbuzi, wina matumba awiri a feteleza, wina fizi ya mwana wa Fomu 3. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Koma chachikulu, chimene olemba malipoti a mabungwe sachiwerengera chifukwa sichilowa m'mizere ya manambala, ndi chakuti msonkhanowo umakoma. Wochedwa amalandiridwa ndi kuseka ndi kuwomba m'manja, naponya chindapusa chake m'mbale anzake akumufunsa chimene chamugoneka mpaka dzuwa kufika pamutu. Wogula masheya asanu amaimbiridwa nthungululu. Nkhani za m'mudzi, zoona ndi zokometsera, zimaphulidwa pomwepo. Ndipo tsiku logawana amavala chitenje chimodzi, naphika mpunga ndi nkhuku, navina mpaka fumbi kubuka. Mayi amene wakhala sabata yonse pakati pa munda, chitsime ndi mafuwa amayembekezera tsikulo monga mwana ayembekezera Khirisimasi, ndipo kusunga ndalamako kumangokwera pamsana pa chisangalalocho. Makolo athu anaidziwa nzeru imeneyi kalekale. Munda waukulu unkalimidwa pa dima, makasu akugwa pamodzi motsatira nyimbo, mowa kapena thobwa likudikira pamthunzi. Ndipo ntchito yowawa ya kukonola chimanga inabala nyimbo za pamtondo, zimene amayi ankadandauliramo za apongozi ndi za amuna aulesi, zokoma kotero kuti Hugh Tracey, poyenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, anazijambula n'kuzisunga. Chigayo chinatipulumutsa ku matuza a m'manja, ndipo sindikufuna kuti tibwerere. Ndingoti pamzere wa kuchigayo sindinamvepo munthu akuimba. Penapake m'maphunziro athu tinameza chiphunzitso chakuti chinthu chaphindu chiyenera kuwawa, ndi kuti kuseka pa ntchito ndi chizindikiro cha ulesi, ndipo chifukwa cha chimenechi timadzipangira malonjezo a nkhope yamasinya, ochita tokhatokha m'bandakucha, amene palibe munthu wamoyo angawakonde kwa miyezi iwiri.

Ndisanamizire kuti m'khonde muli paradaiso. Alipo amayi amene analowa magulu atatu nthawi imodzi, nabwereka uku kuti abweze uko, mpaka anzawo anadza kudzanyamula miphika, mbuzi, ngakhale kudzazula malata amene banki yomweyo inagula. Ndipo pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amene anayembekezera kugawana mu Disembala anapeza kuti ndalama ya matumba awiri yasanduka ya thumba limodzi ndi kachidutswa. Gulu likafika poti tsiku la msonkhano mayi akubisala kwa mnansi, ana atauzidwa kunena kuti amayi apita kumaliro, ndiye kuti latha, ngakhale maloko onse atatu akali olimba.

Tsono inu, mbale wanga, amene mwakhala zaka zambiri mukulakalaka kuwerenga Buku Lopatulika lonse, koma chaka chilichonse mumamira mu Levitiko, yesani kubwereka malamulo a amayiwa. Mabuku ake 66 ali ndi mitu 1,189. Sheya yanu ikhale mutu umodzi pa tsiku, ndipo musapitirire isanu ngakhale nkhani ya Yosefe itakoma chotani. Nthawi yake ikhale yomweyomweyo, tiyi wam'mawa akuzizira m'kapu. Pezani anzanu awiri oti muzikomana nawo Loweruka madzulo, aliyense anene pamene wafika ndi chimene chamudabwitsa kapena kumuseketsa, pakuti muli bulu wolankhula ndi mneneri wokwiyira msatsi wofota. Pa sheya imodzi mudzamaliza m'zaka zitatu ndi miyezi itatu, pa masheya anayi chaka chisanathe. Wophonya alipe chindapusa chokwanira zitumbuwa za anthu atatu, ndipo zidyedwe pomwepo, wolakwayo adyeko nawo.